Zipolopolo Zitatu za Malume Mukhwapa

Usiku wa chiperoni ku Likhubula,
phiri litafunda nkhungu mpaka kumapazi,
malume Mukhwapa anakhuthulira chitini cha fodya patebulo.
Zinagubuduka zitatu.
China chinkathawira m'mphepete, ndinachiwakha.

"Chigwire bwino, si mtedza umenewo."

Mbawala inali itatha nyemba zathu mizere isanu ndi umodzi,
kenako inayamba kholowa.
Chilolezo cha ku boma chinali m'jekete,
chopindidwa kanayi, chonyowa pakona.

Ananyamula choyamba, chachitali, cholemera ngati mlandu.
"Ichi n'cha nguluwe yokalamba.
Kuchitumiza kwa mbawala
n'kupha udzudzu ndi musi.
Phewa lonse limasanduka phala,
zidutswa za fupa ana amakazipeza m'mano,
ndipo mfuti imakumenya nawenso,
sabata yathunthu osasenza dengu la tiyi."

Chachiwiri chinali chowonda, chonyezimira.
Ndinachikonda.
"Onse amachikonda," anatero.
"Chili ndi liwiro, chimalira bwino,
koma kanthambi kokha kamachisokoneza njira.
Chaka chimene iwe unabadwa
ndinachitumiza kwa gwape kumunsi kwa nazale ya esiteti.
Chinalowa m'ntchafu.
Masiku atatu ndinalondola madontho pamasamba a tiyi,
otchola akundiseka, kapitawo akundikalipira.
Ndinam'peza ndi mphuno, osati ndi maso.
Ntchentche zinali zitagawana kale."

Anakhala chete. Nyali inatsokomola utsi.

"Posankha chipolopolo sukusankha ndiwo ayi.
Ukusankha kutalika kwa ululu wa mnzako."

Chachitatu sichinali chachikulu kapena chaching'ono,
mphuno yake ya mtovu yofewa, yoti chikhadabo n'kulembapo.
"Ichi chikalowa chimatambasuka ngati duwa la dzungu.
Kuseri kwa mwendo wakutsogolo, pamene mtima umagogoda.
Mapazi makumi asanu ndi atatu, osapitirira.
Imagwa isanamve kulira kwa mfuti."

Ndinachitembenuza.
Kumatako kwake kunali kobiriwira
ngati tambala yogona m'chithaphwi.
"Malume, chakalamba ichi."
"Nawenso udzakalamba. Kagone."

M'bandakucha tinabisala kuseri kwa nthochi za a Nanthambwe,
mame akulowa m'nsapato,
mtsinje ukulankhula wokha kumunsi.
Inatuluka.
Yamphongo, nyanga zopota, madontho oyera m'nthiti,
ikuponda munda wathu mosamala
kuposa mmene ife timaupondera.

Malume anaika tsaya pamtengo wa mfuti.
Ndinawerenga mpweya wawo: umodzi, uwiri.
Chala chinakoka.

Tcha.

Basi. Ngati munthu wathyola kamtengo ka machesi.

Mbawala inadzutsa mutu, tsamba la nyemba lili pakamwa,
inauwa kamodzi ngati galu wachimfine,
nkhalango n'kuitsekera chitseko.

Ndinadikira kuti atukwane.
Anangotsegula mfuti, n'kuchiika m'thumba la malaya.
"Wonga wanyowa," anatero,
ndipo pobwerera ankaimba mluzu,
chinthu chimene sindinawamvepo.

Masana tinatchinga munda ndi minga
n'kumangirira zitini zakale pachingwe.
Chaka chimenecho nyemba zinakwana ndowa imodzi ndi theka.
Mayi anadandaula mpaka mvula ina.

Titawaika m'manda, zaka zisanu ndi zinayi zitadutsa,
ine ndi Esinati tinkasesa m'chipinda mwawo
tisanapereke mfuti kupolisi.
Pansi pa bedi, m'nsapato ya jombo yopanda inzake,
munali kabokosi kokulungidwa m'pepala la pulasitiki:
zipolopolo makumi awiri, zamphuno yofewa,
zouma, zonyezimira, chosasowapo n'chimodzi chomwe.
Lisiti yake inali ya mwezi umene mbawala inayamba nyemba.

Esinati anafunsa chimene ndinkaseka.
Ndinati fumbi landilowa m'maso,
tipitirize kusesa.